Kubwezera Mawu M'kamwa mwa Mayi Rosalina

Lolemba

Iwe amene watsegula kope langali osapempha, usanayambe kuseka tayankha. Unayamba wayesapo kubwezera mawu m'kamwa mwa munthu atatuluka kale? Ngati sunayesepo, khala chete, werenga, uphunzire. Ngati ndinu alamu anga a Celestino, tsekani, mulibweze pamene mwalipeza.

Nkhani ndi iyi. Maiki ya m'kamera yanga inafa ndi fumbi la ku malire, kuno ku Milange. Kuona imaona bwino, koma ndi gonthi. Ndiye mawu ndimatenga ndi rekoda payokha, kenako n'kulumikiza ziwirizi pa kompyuta. Ndi maso, ndi manja, ndi mkwiyo. Pa ukwati wa mwezi watha mkwati anatsegula pakamwa, n'kutseka, n'kumwetulira, n'kuyang'ana apongozi ake, apo mawu akuti "inde" n'kutulukira paokha. Mpaka lero azimayi a pamsika akandiona amayamba atafuna mphepo, moni n'kubwera pambuyo.

Zimenezo zatha. Ndili ndi taimukhodi!

Ndi kabokosi ngati ka machesi. Kabwera kuchokera ku Limbe m'thumba la mayi wina wogulitsa mapoto. M'kati mwake muli wotchi. M'rekoda mulinso wotchi. Ukazilumikiza ndi waya, kabokosi kamakopera nthawi ya rekoda ndendende, kenako umakamangirira pa kamera. Chithunzi chilichonse chimalandira nthawi yake, liwu lililonse nthawi yake. Kompyuta imangoti: iwe ndi iwe munabadwa limodzi, gwiranani. Palibe sukulu inandiphunzitsa zimenezi. Ndaphunzira pa foni, nditakhala pa mwala pafupi ndi malire pamene netiweki ya ku Malawi imagwira bwino, onyamula katundu akundiponda zala.

Ntchito yake: kwaya ya amayi a ku kapela ya kwathu, msewu wa ku Molumbo. Ali ndi nyimbo imene anapeka ali ku kampu ya othawa kwawo tsidya lija la ku Malawi, nthawi ya nkhondo. Woitsogolera ndi Mayi Rosalina, ndipo ndime zonse akuzidziwa ndi iwo okha. Lolemba likubwerali mwana wawo akudzawatenga kuti azikakhala nawo ku Mocuba. Amayiwa akufuna nyimboyo itsale, ndi nkhope ya mwini wake yomwe. Pakamwa ndi mawu zifike limodzi. Ndalonjeza pamaso pa a Katekisita kuti Lamulungu lino aionera.

Dongosolo:
Lachiwiri, kuyesa.
Lachitatu, kujambula.
Lachinayi, kompyuta igwire ntchito, ine ndikumwa tiyi.
Lachisanu ndi Loweruka, kuchapa ndi kuluka tsitsi.
Lamulungu, ulemu.

Lachiwiri

Kuyesa pakhonde. Wogwira maiki ndi alamu a Celestino, amuna a achemwali anga. Ndawasankha chifukwa munthu amene amakankha matumba a chimanga pa njinga mpaka ku Muloza sangatope ndi nsungwi imodzi. Maiki ndaimangirira kunsonga ndi mphira, n'kuiveka sokosi chifukwa cha mphepo. Sokosiyo ndi yawo. Ayamba kale kudandaula.

Vuto loyamba. Kamera yanga ndi yotchipa, ilibe khomo lakelake la taimukhodi. Kabokosi kamalowetsa nthawi pa bowo la maiki, ngati phokoso. Ndikubweza kuti timve: kwiii-tsiriririri! Nkhuku zabalalika. Achemwali atuluka ndi mpeni wa anyezi m'manja: "Iwe, wachiwotcha kale?" Alamu akudzilemba chizindikiro cha mtanda. Ndikuwauza kuti sikukulira, kukuwerenga, ndipo kompyuta ndi imene imamva chilankhulo chimenechi.

Alamu: "Chilomwe ndimamva, Chipwitikizi ndimamva. Koma ichi, mlamu, ndi cha mileme."

Vuto lachiwiri. Rekoda ikuwerenga zithunzi 30 pa sekondi, kamera 25. Ndazigwirizanitsa. Palibe wandiyamikira, chifukwa palibe wamvetsa kuti ndapulumutsa chiyani.

Tsopano mayeso. Alamu aima patsogolo pa kamera, akoka malaya, akuti: "Chimanga chakwera, anthu inu." Ndikuika zonse m'kompyuta. Ndikudina kamodzi. Kamodzi kokha! Milomo ndi mawu zafika limodzi, mpaka ka mluzu ka pa dzino lawo loguluka kali pamalo pake. Ndavina pakhonde. Achemwali akuti ndiibwereze, sanayambe amvapo amuna awo akulankhula zoona.

Malamulo a alamu mawa:
1. Musazimitse rekoda.
2. Musatsokomole.
3. Musapereke moni kwa odutsa maiki ili m'mwamba.
4. Musazimitse rekoda, alamu!

Akuti, "Purontu, purontu, ndamva." Koma maso ali pa kanyali kofiira ka rekoda. "Nanga aka kakuyaka masana chifukwa chiyani?"

Lachitatu

Tsiku labwino! Ndikulemba miyendo ili m'beseni.

M'mawa ndalumikiza rekoda ndi kabokosi tisanachoke, mawotchi agwirizana. Rekoda m'chikwama cha alamu, kamera pamiyendo panga. Chapa, minibasi ya kuno, yadzaza: matumba a feteleza, malata, mayi wina ndi abakha. Pamene msewu wakana galimoto, njinga. Pamene wakana njinga, miyendo.

Tapeza amayi atidikira panja pa kapela, onse m'makapulana, zitenje za kuno, ofanana, a buluu. Mayi Rosalina ndi kamunthu kakafupi, tsitsi loyera likusuzumira pansi pa duku. Andigwira tsaya: "Iwe si mwana wa Marita? Unkalira usiku wonse ku kampu. Ndiye lero ndiwe wotiuza poima?" Ndikuwauza kuti inde, ndipo aime apa.

Anthu akupereka moni kwa alamu poyamba, chifukwa ndi amene anyamula chinthu chachitali. Zilibe kanthu.

Ndiye nyimbo. Ayi ndithu. Mawu amenewa amatuluka pati m'thupi lochepa chonchi? Ndime zoyamba zikufunsa za munda umene anausiya chinangwa chisanakumbidwe: akupalira ndani, akudya ndani. Amayi onse akuvomera, mapewa akuyenda limodzi. Ndime yotsiriza ndi ya Mayi Rosalina okha. Amatchula maina a anthu amene anawoloka nawo koma sanabwerere. Amawatchula m'mene akuwakumbukirira, ndiye nthawi iliyonse maina amabwera m'dongosolo lina. Atchula azakhali anga. Diso la kamera lachita nkhungu. Ndi thukuta.

Tajambula kangapo: patali, pafupi, m'mbali. Kabokosi kakuphethira pa kamera ngati kakudziwa kuti ndi bwana. Alamu sanatsokomole. Sanapereke moni ngakhale kwa mnzawo wa ku malire amene wadutsa ndi nkhumba pa njinga. Ndawagulira fanta pobwerera. Mwina achemwali sanalakwitse kwenikweni.

Mawa tiyi.

Lachinayi

Tiyi wazizira pa tebulo.

Ndikudina. Kompyuta ikuti palibe chogwirizana. Ndikudinanso. Palibe. Ndikuyang'ana nthawi. Kamera ikuti tinajambula dzulo masana, zoona. Rekoda ikuti tinajambula pa ziro. Ziro, ziro, ziro! Ndipo si mawu amodzi aatali ayi, ndi tizidutswa tambirimbiri, kalikonse kakuyambira pa ziro ngati dziko langolengedwa kumene.

Ndapita kwa achemwali osavala nsapato. Ndapeza alamu akupopa njinga. Padenga la khitchini pali mabatire a rekoda yanga, ayanikidwa padzuwa.

"Onani, mlamu, akadali odzaza! Tsiku lonse, koma ngati atsopano."

Anawachotsa tili m'chapa, kuti asathere m'chikwama pachabe. Rekoda yangayi ndi yakale: ukaichotsa mabatire, wotchi yake imaiwala zonse. Anawabwezera titafika. Amayi akapuma, iwo n'kuzimitsa, n'kuchotsa. Ndipo chimene chandikhalitsa pansi ndi ichi: amayi akafika povomera, iwo ankazimitsanso.

"Pajatu amabwereza zomwezomwezo. Tinali nazo kale."

Ndawafunsa lamulo loyamba. Akulidziwa. Ndawafunsa lachinayi lija. Akulidziwanso. "Koma mlamu, munanena muli pakhonde, magetsi ali pafupi. Kumudzi batire ikatha mukaigula kwa ndani?"

Zimene ndawauza sindilemba, kope ili linadalitsidwa limodzi ndi mabuku a ana.

Chonditentha kwambiri n'chakuti munthuyu sanachite mwano. Tonse kuno tinakula choncho. Foni timazimitsa tikatha kulankhula. Tochi timaitembenuza batire imodzi kuti isayake m'thumba. Wailesi timatsegula pa nkhani zokha. Amene anapanga makina ofuna kuyaka tsiku lonse osachita kanthu sanafikepo ku Milange.

Ndayesa kulumikiza ndi maso. Pakamwa pambiri, mawu oduka pakati. M'kamera mulibe mawu oti ndifananize nawo, muli mileme ija basi. Zosatheka.

Tibwereranso mawa. Ndatumiza uthenga kwa a Katekisita kudzera mwa wa njinga. Batani la rekoda ndalikulunga ndi mphira ya chubu, chitseko cha mabatire ndachimata ndi tepi kuzungulira konse. Kuchapa kudikire.

Madzulo ano magetsi azima, mabatire a kamera ndi kabokosi ndangowaika kumene pa chaja. Abwera. Amabwera nthawi zonse.

Lachisanu

Sanabwere.

Kabokosi kafa, sikakuphethira n'komwe. Batire ya kamera ili pa theka. Taimukhodi yanga, ya ku Limbe, yophunzira pa mwala, ili m'thumba ngati ka machesi enieni.

Koma sindikhala pansi. Pali njira yakale imene ndinaionanso pa foni. Kamera ikuyenda, rekoda ikuyenda, munthu mmodzi aombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera. Pa chithunzi uona manja akukumana. Pa mawu uona kamzere kamodzi katalikatali. Uziika pamodzi, watha. Chachikulu, pakhale phokoso limodzi lokha, kwina konse zii.

Kunja kuli mphepo, ndiye talowa m'kapela. Amayi abwera ndithu, ena achokera kumunda, makapulana a buluu avala pamwamba pa zovala za ntchito. Mayi Rosalina asiya kumanga katundu wawo. Palibe wandinyoza. Zimenezi zikundiwawa kuposa kunyozedwa.

Ndaimika kamera pa miyendo yake, chakumbuyo, kuti itenge onse mpaka kukhomo. Ndaima patsogolo. Ndaomba: phwa!

Kapela yonse: phu, phu, phu, phu! Manja ofumbata, maondo opinda, "zikomo, zikomo." Mayi wina wa kumzere wakumbuyo wagwada pansi n'kugwada.

Ndikufotokoza. Si moni, si ulemu, ndi chizindikiro cha makina. Musayankhe. Onse akugwedeza mitu. Ndaombanso. Ayankha, koma motsitsa, kuti ndisamve. Maiki ikumva zonse!

Mayi Rosalina: "Mwana wa Marita, iwe uombe m'manja pamaso pathu, ife tingokuyang'ana ngati mbuzi? Tinaleredwa kuti?"

Ndafotokoza m'Chinyanja. A Katekisita afotokoza m'Chilomwe, kenako m'Chipwitikizi kuti zimveke za boma. Ndati aombe alamu. Zaipiratu: munthu wamwamuna, mkamwini wa m'mudzi, kuwaombera m'manja azimayi aakulu! Ayankha ndi nthungululu. Ndati onse aike manja m'khwapa. Aika. Ndaomba. Mayi Rosalina alimbana nazo, ndikuona nkhope ikugwira ntchito, kenako manja atuluka okha. Onse atsatira.

Batire ikutsika, ine ndikuiona.

Apa ndiye ndapsa. Ndanena kuti ndinasiya ntchito zanga, kuti ndayenda msewu woipawu kawiri, kuti Lolemba mayi awa akupita ndipo nyimbo ipita nawo, inu mudzatsala ndi ulemu wanuwo. Ndatuluka. Chitseko ndachimenyetsa. Ndi cha malata. Chalira mpaka akhwangwala auluka pa mtengo wa mango.

Ndakhala kuseri kwa kapela, pa mulu wa njerwa. M'katimo zii. Kenako ndikumva Mayi Rosalina ayamba okha, motsitsa, osauzidwa ndi munthu. Ena avomera. Sanaimbepo chonchi Lachitatu. Kulowa ndikufuna, koma manyazi. Ndamvera nyimbo yonse kudzera m'khoma.

Tanyamuka kubwerera. Pafupi ndi tauni alamu akuti: "Sindinazimitse. Ndinayesa, koma mphira ija mwamanga ngati katundu wa ku malire." Anagwira nsungwi m'mwamba mpaka nyimbo kutha.

Kamera ndaipeza itazima yokha. Sindikufuna kudziwa.

Loweruka

Magetsi abwera m'mawa ngati palibe chinachitika.

Ndatsegula zonse ndi mtima woti ndingoona kukula kwa maliro. Pa chithunzi: ine, pakamwa pali yasa, chala m'mwamba, ndikupita kukhomo. Kodi ndimayenda choncho ndikakwiya? Chitseko chikubwera, chikubwera, chagunda.

Pa mawu: phokoso langa, kenako kamzere kamodzi. Kataliii! Pambuyo pake zii. Palibe waomba m'manja. Palibe munthu amayankha chitseko.

Ndaika kamzereko pa chithunzi chimene chitseko chikukhudza mphuthu. Ndadina.

Zagwirana! Mayi Rosalina akutsegula pakamwa, mawu ali pomwepo. Akupuma, mpweya uli pomwepo. Ndaitana achemwali, ndaitana alamu, ndaitana ndi mayi wa nyumba yoyandikana amene sitilankhulana. Achemwali akulira. Alamu akuti, "Mwamva m'mene maiki yagwirira? Dzanja limenelo."

Chithunzi ndi cha patali, sichisuntha, ndipo mutu wa a Katekisita ukulowa n'kutuluka pakona. Ndivomera. Ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu, zonse zili bwino. Amayi atsitsa mawu. Mayi Rosalina apita patsogolo pang'ono, akoka mpweya kuti ayambe maina.

Mdima.

Batire inathera pomwepo. Mawu akupitirira, oyera bwino, dzina ndi dzina mpaka kumapeto. Nkhope palibe.

Ndathamangira zithunzi za Lachitatu kuti ndibwerekeko ndime imeneyi. Sizikutheka. Lachitatu anayamba ndi amuna awo, dzulo anayamba ndi mwana. Pakamwa pakutchula munthu wina, mawu akutchula wina. Pa ukwati ndinachita manyazi, koma anthu akufa sindingawasinthanitse maina. Ndasiya mdimawo.

Ndadula poyambira kuti ine ndi chala changa tisaoneke. Alamu akuti ndisunge padera, adzaonetse ana awo akamachita mwano.

Uthenga wa a Katekisita wafika masana: chitseko chapachikika pa hinji imodzi. Alamu akuti ali ndi ina ya pa khola. Tsitsi sindiluka. Duku lilipo.

Lamulungu

Tafika mapemphero asanayambe, alamu akhoma chitseko. Ndapepesa kwa a Katekisita, kwa amayi, kwa Mayi Rosalina. Ndaomba m'manja popepesa. Ayankha onse. Lero ndiye zili m'malo mwake.

Mapemphero atatha, TV ya aphunzitsi a pa sukulu, batire ya galimoto, mazenera atchingidwa ndi makapulana. Anthu mpaka panja. Nyimbo yayamba. Ine maso ali pa milomo, ndikudikira kuti wina anene kuti taonani, zikufika limodzi. Palibe wanena. Akuloza: "Uyo ndi Anjelina!" "Taonani duku lapendama!" Pofika povomera kapela yonse ikuimba, TV sikumvekanso. Sabata yonse ya ntchito, koma ngakhale ndikanaika mawu a mpira sakanadziwa.

Kenako mdima uja. Ndagwira benchi.

Onse chete. TV yakuda, mawu a Mayi Rosalina okha, maina akubwera limodzi limodzi. Wina akamva lake la kwawo akuti "eee" chapansipansi. Bambo wina wavula chipewa panja pa zenera. Mayi Rosalina akhala kutsogolo, manja pa maondo, milomo ikutsatira.

Itatha, a Katekisita aimirira: "Mdima uja mwauganiza bwino, mayi. Anthu amene sitiwaonanso, ife osaona kanthu. Nzeru zakuya."

Ndikanangokhala chete. Koma ine sindidya ulemu wa bodza. Ndati si nzeru, ndi batire. Kapela yonse yaseka, ena misozi ikadali m'masaya.

Mayi Rosalina andiitana, ndawapatsa khadi yawo ya mu foni, aimanga pa mfundo ya kapulana. Akuti: "Mawu wagwira, mwana wa Marita. Koma adzukulu adzati ankatchula mainawa ndani? Ine ndinavalira duku latsopano ndime imeneyo."

Akunena zoona. Ndinalonjeza nyimbo ndi nkhope, ndapereka nyimbo yonse ndi nkhope yoperewera. Taimukhodi sinagwire ntchito ngakhale pa ndime imodzi. Zovala sizinachapidwe. Chabwino. Kabokosi kali pa chaja, kakuphethiranso, alamu aphunzira kusiya kanyali kofiira kayake, ndipo amayi akuti ulendo wina adzakhalira manja.

Chatsala ndi munthu mmodzi. Bambo a ku Mocuba, mwana wa Mayi Rosalina, mawa mukubwera ndi galimoto yanu, ndipo mundipeza nditaima pa msewu ndisanatsegule ndi shopu yanga yojambulira yomwe. Amayi anu atengeni, akapume, akadye za m'tauni. Koma pa masika muwabweze kuno tsiku limodzi, ndi duku lawo lomwe. Musandiuze za mafuta, musandiuze za msewu, ndauyenda katatu sabata ino. Ndime ija ili mu mdima, ndipo muibwezera nkhope yake.